Dr. John Kirk (1832–1922): Dotolo ndi Katswiri wa Zomera Amene Dzina Lake Lidatsalira pa Mapiri Athu

Aliyense amene adayang'anapo mapu a dziko lino adaona kuti mtandadza wa mapiri umene udayala m'malire a Malawi ndi Mozambique, kuchokera cha ku Ntcheu kutsikira ku Neno ndi kumtunda kwa Mwanza, umalembedwa kuti Kirk Range. Ana a sukulu amaloweza dzinali pokonzekera mayeso, koma ndi ochepa amene amadziwa mwini wake. Mwini dzinali ndi Dr. John Kirk, dotolo wa ku Scotland amene adayenda m'chigwa cha Shire ndi cha Zambezi kuyambira 1858 mpaka 1863. Mbiri yawo ikutikhudza ife a ku Mwanza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, iwo ndiwo adayamba kutola ndi kulemba mwadongosolo zomera ndi nsomba za dziko lino. Chachiwiri, chomera chimodzi chimene adachiphunzira kwa Amang'anja chidadzasanduka mankhwala a mtima ku Ulaya, ndipo funso la amene ayenera kupindula ndi nzeru zotere likukambidwabe m'misonkhano ya mayiko mpaka lero.

Kubadwa ndi maphunziro

A John Kirk adabadwa pa 19 Disembala 1832 m'mudzi wa Barry, pafupi ndi tauni ya Arbroath ku Scotland. Bambo awo, amenenso dzina lawo lidali John Kirk, adali mbusa wa mpingo wa m'deralo. Adachita maphunziro a udotolo pa yunivesite ya Edinburgh ndipo adawamaliza mu 1854. Masiku amenewo wophunzira udotolo ankayenera kudziwanso zomera, popeza mankhwala ambiri ankachokera ku masamba, makungwa, mizu ndi njere. Mphunzitsi wawo wa zomera adali Pulofesa John Hutton Balfour, ndipo phunziroli lidawalowa mumtima kotero kuti sadalisiyenso moyo wawo wonse.

Atangomaliza maphunziro, adadzipereka kukathandiza asilikali odwala ndi ovulala pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo adagwira ntchito pa chipatala cha Renkioi m'dziko la Turkey. Akapeza mpata ankakwera mapiri a kumeneko kukatola zomera, komanso ankajambula zithunzi ndi kamera pa nthawi imene lusoli lidali lachilendo. Maluso atatuwa, la udotolo, la zomera ndi la zithunzi, ndiwo adachititsa kuti asankhidwe kutsagana ndi Dr. David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi umene boma la Britain lidaulipirira. Nthawiyo adali ndi zaka 25.

Pa Zambezi ndi pa Shire

Gululi lidanyamuka ku Liverpool mu Malichi 1858 ndi kufika pa matsiriro a Zambezi mu Meyi chaka chomwecho. Malo awo okhazikika adali Tete, mzinda womwewo umene masiku ano timaufika podzera pa chipata cha Zobue. Ntchito imene a Kirk adapatsidwa idali yosamala umoyo wa anzawo ndi kufufuza zomera zimene zikadatha kugulitsidwa kunja, makamaka thonje. Maganizo a a Livingstone adali akuti malonda a mbewu akadzakula, malonda a anthu adzafota okha.

Chiyembekezo choyamba chidafera pa mathithi a Cahora Bassa, pamene kumapeto kwa 1858 adaona kuti sitima yawo, yotchedwa Ma Robert, siikadatha kukwera Zambezi kupitirira pamenepo. Apa mpamene adatembenukira ku Shire. Mu Januwale 1859 adakwera mtsinjewu mpaka pa mathithi a Kapichira, ndipo pa maulendo otsatira adapalana ubwenzi ndi mfumu Chibisa ya ku Chikwawa. Mu Epulo adafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu Sepitembala 1859 adaima m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Pobwerera, a Kirk ndi mmisiri wa sitima, a George Rae, adayenda pansi kuchokera kwa Chibisa mpaka ku Tete, kudutsa dziko louma la pakati pa Shire ndi Zambezi limene boma lathu la Mwanza lili m'mphepete mwake. Idali nyengo ya dzuwa lowotcha la Okutobala, ndipo adatsala pang'ono kufa ndi ludzu.

Kulikonse kumene ankapita, a Kirk ankathyola nthambi ya masamba, maluwa ndi zipatso, kuipanikiza pakati pa mapepala mpaka iume, kulemba malo ndi tsiku, kufunsa eni dziko dzina lake ndi ntchito yake, kenaka kuitumiza ku munda wa zomera wa Kew ku London. Adapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuwomba nsalu, akusula makasu ndi kutcheza mchere. Ntchito yotola zomerayi idali ndi mavuto ake. Mu Novembala 1860, pobwerera ku mathithi a Victoria, bwato lawo lidagubuduzika pa Cahora Bassa. Iwo adapulumuka, koma mabuku a zolemba zawo ndi zojambula za zomera zidapita ndi madzi. Sadataye mtima, adayambiranso.

Zaka zotsatira zidali za chisoni. Mu Julayi 1861 a Kirk adali nawo pa ulendo woperekeza Episkopi Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican kumapiri a Shire, pamene pa mudzi wa Mbame adakumana ndi gulu la akapolo 84 ali m'magoli ndi m'zingwe, akuwatengera ku Tete, ndipo adawamasula. Ambiri mwa anthuwa ndiwo adakhala maziko a mishoni ya Magomero. Episkopi Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, ndipo pa 27 Epulo chaka chomwecho mayi Mary Livingstone adamwalira ku Shupanga, a Kirk ali m'gulu la owadwazika. Kenaka chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zidasakaza chigwa cha Shire, mpaka mitembo inkayandama mumtsinje. A Kirk nawonso adafooka ndi kamwazi, ndipo mu Meyi 1863 adatsanzika kubwerera kwawo. Zolemba zawo za tsiku ndi tsiku, zimene zidasindikizidwa mu 1965, zimaonetsa kuti nthawi zambiri sankagwirizana ndi utsogoleri wa a Livingstone, amene ankaika miyoyo ya anthu pachiswe pofuna kukwaniritsa cholinga chawo. Komabe adamvera ndi kugwira ntchito mokhulupirika, ndipo a Livingstone ndiwo adatcha mapiri aja dzina la Kirk powathokoza.

Masuku, mpasa ndi chambo

Zimene a Kirk adatumiza ku Ulaya zidapatsa akatswiri ntchito ya zaka zambiri. Mtengo wa msuku, umene zipatso zake amayi amagulitsa m'mphepete mwa msewu mvula ikamayamba, m'mabuku a sayansi umatchedwa Uapaca kirkiana. Palinso mtundu wa mitengo wotchedwa Kirkia, ndi chomera choyanga chotulutsa utomoni wa mpira chotchedwa Landolphia kirkii. Mu 1864 katswiri wa nsomba wa ku London, a Albert Günther, adalongosola nsomba zimene a Kirk adabwera nazo kuchokera ku nyanja ya Malawi, ndipo pakati pa izo padali mpasa, sanjika ndi mtundu umodzi wa chambo. Aka kadali koyamba kuti nsomba za nyanja yathu zilembedwe m'mabuku a sayansi.

Tisasokonezeke pamenepa. Makolo athu ankadya masuku ndi kupha mpasa zaka mazanamazana a Kirk asadabadwe, ndipo chilichonse chidali ndi dzina lake kale. Chimene a Kirk adachita ndi kulowetsa zamoyozi m'kaundula mmodzi amene akatswiri a mayiko onse amagwiritsa ntchito, kotero kuti munthu wa ku Zomba ndi wa ku Brazil akatchula dzina limodzi amadziwa kuti akunena chomera chimodzi. Masamba ouma amene adatola akusungidwabe ku Kew, ndipo adathandiza pa ntchito yolemba mabuku a Flora Zambesiaca, amene adayamba kutuluka mu 1960 ndipo amalongosola zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana.

Nkhani ya kombe

Pa zomera zonse zimene adakumana nazo, chimene chidasintha mbiri ya mankhwala ndi kombe. Ichi ndi chomera choyanga m'mitengo ya m'nkhalango zotentha, cha maluwa a nsonga zazitali zopotana ngati ulusi, ndipo njere zake zimakhala m'makoko awiri otalika ngati nyanga. Alenje a Chimang'anja ankasinja njerezi ndi kupanga ulembe wopaka ku mivi. Nyama yolasidwa inkathamanga pang'ono kenaka n'kugwa, ndipo alenje ankadziwa kucheka ndi kutaya mnofu wozungulira bala kuti ndiwo yotsalayo idyedwe popanda vuto. Kudziwa mtengo woyenera, nyengo yothyola makoko, kakonzedwe ka ulembe ndi muyeso wake idali sayansi ya makolo, yophunziridwa mwa kuyesa ndi kuona kwa mibadwo yambiri.

Monga a Livingstone adalongosolera m'buku la ulendowu la mu 1865, a Kirk adasunga pang'ono pa ulembewu m'thumba limene munkakhalanso mswachi wawo. Tsiku lina potsuka mano adamva kuwawa mkamwa, ndipo adazindikira kuti mtima wawo, umene unkagunda mofulumira chifukwa cha chimfine, wayamba kugunda pang'onopang'ono. Munthu wina akadangolavula n'kuiwala. Iwo, pokhala dotolo, adaganiza kuti chinthu chimene chimaimitsa mtima wa njati chikachuluka chingathe kuwongolera mtima wodwala wa munthu chikaperekedwa pa muyeso wochepa kwambiri.

Ulembe ndi njere zidatumizidwa ku Britain. Mu 1871 a Daniel Oliver a ku Kew adatcha chomerachi Strophanthus kombe, kusunga dzina la Chimang'anja. Ku Edinburgh, Dr. Thomas Fraser adachifufuza kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, adapatula mphamvu yake n'kuitcha strophanthin, ndipo mu 1885 adalengeza kwa madotolo anzawo kuti imathandiza odwala mtima wofooka. Mankhwalawa amachititsa mnofu wa mtima kufinya mwamphamvu ndi kuchepetsa liwiro la kagundidwe kake, kotero magazi amayenda bwino ndipo kutupa kwa thupi kumatsika. Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idayamba kuwagulitsa m'zaka za m'ma 1880, ndipo njere za kombe zidakhala imodzi mwa katundu woyamba amene dziko lino linkatumiza kunja. Masiku ano madotolo ali ndi mankhwala ena a mtima amene adalowa m'malo mwake. Tikumbutsane kuti kombe ndi ulembe wakupha, ndipo palibe amene ayenera kuyesa kudzichiza nawo kunyumba.

Mbiri idasunga mayina a Kirk, Oliver ndi Fraser. Alenje amene adaonetsa mlendo mtengowo mayina awo sadalembedwe m'mabuku a mankhwala, ndipo anthu a m'midzi amene ankathyola makoko ankangolandira malipiro a ntchito ya manja awo, pamene phindu lalikulu linkatsalira kutsidya la nyanja.

Ku Zanzibar

Mu 1866 a Kirk adatumizidwa ku chilumba cha Zanzibar ngati dotolo wa ofesi ya kazembe wa Britain ndi wachiwiri kwa kazembeyo. Chaka chotsatira adakwatira mayi Helen Cooke. Pa nthawiyo Zanzibar udali msika waukulu wa akapolo kum'mawa kwa Africa, ndipo ambiri mwa ogulitsidwawo ankachokera kuno, m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, kudzera ku Nkhotakota ndi ku Kilwa. Munthu amene adaona magoli pa Mbame tsopano adali pa mathero a njira yomweyo.

Kumayambiriro kwa 1873 nthumwi ya Britain, Sir Bartle Frere, idalephera kukopa Sultan Barghash kuti aletse malondawa. Ntchito idatsala m'manja mwa a Kirk, amene ankalankhula Chiswahili ndipo ankadziwana bwino ndi mfumuyo. Atamuuza mosabisa kuti sitima za nkhondo zitseka chilumba chonse akapitiriza kukana, Sultan adasaina pangano pa 5 Juni 1873 loletsa kutumiza akapolo pa nyanja, ndipo msika wa akapolo udatsekedwa. Pa malo a msikawo padamangidwa tchalitchi lalikulu la Anglican limene lilipo mpaka lero. A Livingstone sadamve nkhaniyi, popeza adali atamwalira mwezi wa Meyi chaka chomwecho kwa Chitambo m'dziko la Zambia. Pa mwambo wa maliro awo ku Westminster Abbey mu Epulo 1874, a Kirk adali mmodzi mwa onyamula bokosi, ngakhale kuti mtolankhani Henry Morton Stanley adali atawanenera poyera kuti sadasamale mokwanira potumiza katundu kwa a Livingstone.

Panganolo silidathetse ukapolo tsiku limodzi. Malonda adapitirira mozemba, ku Zanzibar ukapolo udachotsedwa m'malamulo mu 1897, ndipo kuno kwathu nkhondo yomaliza ndi Mlozi ku Karonga idachitika mu 1895. Komabe khomo lalikulu lidali litatsekedwa. A Kirk adakhala ku Zanzibar zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo ngakhale adali otanganidwa ndi za boma, adalima munda woyeserera zomera ku Mbweni ndi kupitiriza kutumiza zomera ku Kew. Mu 1881 adalandira ulemu wotchedwa Sir. Atapuma ntchito adaimira Britain pa msonkhano wa mayiko wothetsa malonda a akapolo ku Brussels mu 1889 ndi 1890. Adakhalanso mmodzi mwa akuluakulu a kampani ya Imperial British East Africa, imene idatsegula njira ya utsamunda ku Kenya ndi Uganda. Choncho munthu yemweyo amene adathandiza kudula magoli adathandizanso kuika mayiko a Africa pansi pa ulamuliro wa alendo, ndipo mbiri yoona iyenera kunena zonse ziwiri. Adamwalira pa 15 Januwale 1922 ku Sevenoaks ku England ali ndi zaka 89.

Funso limene adatisiyira

Ntchito imene a Kirk adaiyamba ikupitirira, koma zida zake zidasintha. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene likulu lake lili ku Zomba, limasunga zomera zouma za dziko lino kuno komwe. Mu 2018 akatswiri adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa DNA ya mitundu 73 ya nsomba za nyanja ya Malawi za m'banja la chambo ndi mbuna, wofuna kumvetsa mmene mitundu mazanamazana idatulukira mwa makolo ochepa. Ntchito yaikulu ya kafukufukuyo idachitikira ku Wellcome Sanger Institute ku England. Dzina la Wellcome ndi lomwe lija la kampani imene inkagulitsa mankhwala a kombe: chuma cha a Henry Wellcome, amene adamwalira mu 1936, ndicho chidakhazikitsa thumba limene limathandizanso kafukufuku wa matenda wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre.

Kusintha kwa zidaku kwabweretsa vuto latsopano. Kale wofufuza ankayenera kunyamula njere m'thumba. Lero chibadwa cha chomera chimawerengedwa ndi makina, kulembedwa mu kompyuta ndi kutumizidwa pa intaneti, ndipo kampani ya kutali ingathe kupanga nacho mankhwala osapondapo phazi m'dziko limene chomeracho chimamera. Pa chifukwa ichi mayiko akhala akumanga malamulo. Pangano la za zamoyo zosiyanasiyana la mu 1992 lidavomereza kuti dziko lililonse ndi mwini wa zamoyo zake. Pangano la Nagoya la mu 2010, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2014 ndipo Malawi ali momwemo, limafuna kuti wofufuza ayambe wapempha chilolezo ndi kugwirizana ndi eni ake za kagawidwe ka phindu. Pa msonkhano wa ku Cali m'dziko la Colombia mu 2024, mayiko adakhazikitsa thumba loti makampani opindula ndi chibadwa cha zamoyo chosungidwa m'makompyuta aziponyamo ndalama, ndipo theka kapena kuposerapo lizipita kwa anthu a m'midzi osunga zamoyozo.

Mu Meyi 2024, ku Geneva, mayiko a m'bungwe la WIPO adagwirizana pangano lina lakuti wopempha chiphaso cha umwini wa luso latsopano aziulula dziko limene chomera kapena chamoyo chidachokera, ndiponso anthu amene adapereka nzeru za makolo zimene wagwiritsa ntchito. Mu Disembala 2024 Malawi lidakhala dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kuvomereza panganoli. Dongosolo lake ndi lakuti liyambe kugwira ntchito patapita miyezi itatu mayiko 15 atalivomereza, ndipo silibwerera m'mbuyo, kotero za kombe sizidzabwezedwa. Koma n'zoyenera kuti dziko la alenje aja ndilo lidatsogola.

Malamulo a ku Geneva sangateteze mtengo umene wagwa kale. Kuno ku Mwanza ndi ku Neno, limene lidali gawo la boma lino mpaka 2003, matumba a makala amene amaima m'mphepete mwa msewu wa M6 akuchokera m'nkhalango zomwezo zimene muli misuku ndi mitengo ya mankhwala, kuphatikizapo nkhalango yotetezedwa ya Thambani. Nkhalamba ikamwalira isadaphunzitse mdzukulu mayina ndi ntchito za mitengo, nzeruyo imapita nayo kumanda. Inu makatekisiti, aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati, amene mumakumana ndi anthu sabata ndi sabata, mungathe kulimbikitsa achinyamata kukhala pansi ndi agogo awo ndi kulemba m'kope dzina la chomera, malo amene chimamera, ntchito yake ndi dzina la wofotokozayo. Ndipo mlendo akafika m'mudzi kudzafunsa za mizu ndi makungwa, alandiridwe mwaulemu monga Chibisa adalandirira a Kirk, koma aonetse chilolezo cha boma, adzere kwa mfumu, ndipo mgwirizano ulembedwe mayina a eni nzeru ali pomwepo.